Kathabwa

Bambo anga amasoka nsapato pa Mbare Musika,
pansi pa lata lomwe limathetheka dzuwa likakwiya.
Makasitomala amawaitana Sekuru Benedikito.
Dzina la kubadwa ndi Sankhulani,
koma linatsala pachipata cha sukulu ya mishoni
tsiku lomwe lole inawanyamula kukomboni ya pafamu ya fodya,
ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri,
mayi awo akuthamangira fumbi, mpango uli m'manja.

Kumeneko anawameta mpala,
n'kuwasokera nambala pakolala: sikisite-foro.
Ukalankhula Chinyanja ankakukoleka kathabwa m'khosi,
ndipo sikankachoka mpaka utamva mnzako
lilime litamuterereka, n'kukamunenera.
Bambo anakanenera Kadzamira,
wa bedi loyandikana nalo,
chifukwa kutulo ankaitana amake m'chinenero choletsedwa.
Kadzamira anagonetsedwa pakhonde mwezi wa Juni.
Chifuwa chinamutenga mvula isanagwe.
Anamuika kuseri kwa khola la nkhumba,
kwawo osatumizako ngakhale mawu.

Ine izi ndamva chaka chatha.
Zaka makumi anayi ndakhala mwana wa munthu
wodzuka folo koloko kudikira belu lomwe kulibe,
wobisa buledi pansi pa pilo,
wondiyankha m'Chingerezi ndikamufunsa za kwathu.
Chichewa changachi ndinachita kukunkha
kwa azakhali ku Mufakose,
liwu limodzilimodzi, ngati mtedza wotsala m'munda wa eni.

Kalata inabwera mu Okutobala,
misewu ya Harare itayalidwa maluwa a jakaranda.
Akuti onse amene anaphunzira kumeneko abwere kuholo ku Highfield.
Bambo anapolisha nsapato zawo kawiri.
Tinapeza nkhalamba khumi ndi zitatu,
tiyi wozizira, mabanzi m'beseni,
ndi wansembe wachinyamata, Bambo Mashingaidze,
amene anabadwa sukuluyo itagwa kale denga.
Anawerenga kupepesa kochokera papepala,
mawu osalala ngati sopo,
thukuta likudontha pa mzere uliwonse.
Ena anaomba m'manja. Wina anatuluka osabwerera.

Bambo anaimirira, chipewa atachikumbatira pachifuwa.
"Kodi m'buku lanulo Kadzamira alimo?"
Wansembe anatsegula kaundula wodyedwa ndi chiswe.
Munalibe maina. Manambala okhaokha, ngati ng'ombe za kudibi.
"Yang'anani sikisite-faifi."
Chala chinatsika, chinatsika, chinaima.
Pambali pake panalembedwa liwu limodzi: anachoka.

"Sanachoke," anatero bambo. "Ali komweko.
Ndipo amene anamupereka ndine."
Anayankhula m'Chinyanja, mokweza, pamaso pa kolala yoyera,
ndipo palibe anabwera ndi kathabwa.
Wansembe sanamve mawu onse
koma anavula magalasi, n'kuwapatsa cholembera.
Dzanja lomwe sililakwitsa pobaya chikopa
linanjenjemera pa zilembo zisanu ndi zinayi.

Sindinganene kuti anakhululuka.
Mukombi pobwerera sanatsegule pakamwa
mpaka titawoloka Mukuvisi.
Bulediyo amabisabe.
Koma Loweruka lapitali anatseka msanga pamsika,
anapempha kalipentala wa pafupi chidutswa cha mlombwa,
n'kukhala pakhomo, akuchisema ndi mpeni wa nsapato.
Mwana wanga Tadala anawafunsa chomwe akupanga.
Anati ndi kathabwa,
koma aka si ka m'khosi, n'kozika pansi.

Wansembe uja wati galimoto ndi yake, mafuta ndi athu.
Akuti khola linagumuka, pamera nsenjere,
mwina malowo sitikawapeza.
Bambo akuti mapazi awo akukumbuka.

Usiku ndinawamva akuphunzitsa Tadala kutchula dzinalo.
Mwanayo ankaluma lilime, iwo n'kumaseka,
n'kubwerezanso, pang'onopang'ono:
Ka-dza-mi-ra.
Kenako anamuuza lawo.